Mmene mungachepetsere kulimbirana loko mu code yoyang'anira magetsi ya Linux

Mwalemba driver, mwaikamo runtime PM (njira ya kernel yogonetsa chipangizo pamene sichikugwira ntchito), chipangizo chikugona ndi kudzuka bwinobwino. Koma mukangochisenzetsa ntchito yambiri, ma CPU onse akuoneka otanganidwa pomwe ntchito yeniyeni sikusuntha. Bokosi likutentha ngakhale kuli chisanu cha mwezi wa Juni kuno ku Mzuzu, ndipo batire ya sola yomwe imafika m'bandakucha tsopano ikutha anthu asanagone. Kawirikawiri chimene chikuchitika n'chakuti ma CPU akulimbirana loko imodzi, chida cha mu code choletsa ma CPU awiri kusintha deta imodzi pa nthawi imodzi.

Tikafika apa ambiri timathamangira kusintha mtundu wa loko kapena kuichotseratu. Ine ndinachitapo zimenezo. Ndinachotsa loko yomwe ndinkaiona ngati yopanda ntchito, makina anathamanga ndithu kwa masiku angapo, kenako tsiku lina anagona osadzukanso. Bokosilo linali ku Chibavi, ine ndili ku Luwinga, mvula ikugwa, ndipo ndinakwera kabaza kukangodina batani. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mu code ya magetsi loko imakhala yosalakwa nthawi zambiri. Wolakwa ndi driver yemwe akugogoda pakhomo lomwelo kambirimbiri popanda chifukwa.

Kumbukirani chinthu chimodzi tisanayambe, chokhudza mitundu iwiri ya loko: spinlock ndi mutex. CPU yodikira spinlock ili ngati minibasi yomwe yaima pa depoti injini ikulira: sikupita kulikonse koma mafuta akutha. Yodikira mutex imatha kuzimitsa injini n'kugona, koma kuidzutsanso kumadya nthawi. Choncho kulimbirana spinlock kumakudyerani liwiro ndi batire pa nthawi imodzi.

## Zofunika kukhala nazo

- Makina oyesera okhala ndi ma CPU anayi kapena kuposerapo. Pa CPU imodzi palibe wolimbirana naye spinlock. Musayesere pa seva yomwe anthu akugwiritsa ntchito.
- Source ya kernel yomwe ikuyenda pa makinawo, osati ina yongofanana nayo.
- perf (chida choyezera ntchito ya kernel) ya 6.2 kapena yatsopano, ndi kernel ya 5.19 kupita m'tsogolo, chifukwa ma tracepoint a contention_begin ndi contention_end analowa mu 5.19.
- Ma kernel awiri omangidwa kuchokera ku source imodzi: wina wamba woyezera liwiro, wina wofufuzira zolakwika wokhala ndi CONFIG_PROVE_LOCKING, CONFIG_LOCK_STAT ndi CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP.
- Chingwe cha serial console. Makina akauma pogona, skirini sikuuzani kanthu.
- Choyezera magetsi. Pa makina a Intel muli turbostat ndi RAPL. Pa kabodi kakang'ono ngati Raspberry Pi, kamita ka USB koika pakati pa chaja ndi bodi kamakwana.
- UPS kapena batire yodzaza, kuti magetsi akathima pakati pa kuyeza musayambirenso.

## 1. Konzani ntchito yoyesera yomwe mungaibwereze

Lembani script imodzi yomwe imabweretsa vutolo nthawi zonse: fio ngati chipangizo ndi chosungira mafayilo, iperf3 ngati ndi cha netiweki, stress-ng ngati mukufuna ma CPU azidzuka ndi kugona pafupipafupi. Iyendetseni katatu, nthawi yofanana, ndipo lembani m'kope zinthu ziwiri: ntchito yomwe yagwirika, ndi magetsi omwe adyedwa. Pa Intel, `perf stat -a -e power/energy-pkg/ -- sleep 60` imakupatsani ma joule.

Chenjezo: lembaninso governor (code yosankha liwiro la CPU) yomwe ikugwira ntchito, mu `/sys/devices/system/cpu/cpufreq/policy0/scaling_governor`. Kuyeza lero pa ondemand mawa pa schedutil ndi kuyerekeza mbatata ndi chinangwa. Kutentha kwa chipinda nakonso kumasokoneza. Bodi yopanda fani imadzichepetsera liwiro ikatentha, ndiye zoyeza za m'mawa kukuzizira ndi za masana a mu Okutobala sizingafanane.

## 2. Pezani loko yeniyeni, musalote

Pa kernel wamba, ntchito yoyesera ili mkati, lembani:

`perf lock contention -ab -- sleep 10`

Chilembo a chikutanthauza ma CPU onse, b chikutanthauza kugwiritsa ntchito BPF, timapulogalamu toyenda mkati mwa kernel. Mudzaona mzere uliwonse ukunena kuti anadikira kangati, nthawi yonse yodikira, nthawi yaitali kwambiri, mtundu wa loko, ndi function yomwe inaitana. Onjezerani `-l` kuti muone adiresi ya loko iliyonse payokha.

Ngati kernel yanu ndi yakale, lowani mu kernel yofufuzira ija:

`echo 0 > /proc/lock_stat` kufufuta zakale, `echo 1 > /proc/sys/kernel/lock_stat` kuyatsa, yendetsani ntchito, kenako `echo 0 > /proc/sys/kernel/lock_stat` kuzimitsa, ndipo werengani `/proc/lock_stat`.

Mayina omwe amakonda kutulukira mu code ya magetsi ndi awa: `dev->power.lock` ya runtime PM, `pm_qos_lock`, `update_lock` ya schedutil, `policy->rwsem` ya cpufreq, `enable_lock` ndi `prepare_lock` za clock framework, loko ya genpd (code yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi a gulu la zipangizo), ndi `tick_broadcast_lock`.

Chenjezo: lock_stat imawerenga maloko m'magulu. Mzere wa `&dev->power.lock` ukuphatikiza zipangizo zonse za m'makinawo, si chanu chokha ayi. Yang'anani ma function olembedwa pansi pa mzerewo, kapena gwiritsani `-l` ija, musanaloze chala. Komanso lock_stat imalemetsa loko iliyonse, ndiye manambala ake ndi okuthandizani kudziwa amene ali patsogolo, osati oyezera liwiro.

## 3. Funsani: akuigwira nthawi yaitali, kapena akuigwira kambirimbiri?

Awa ndi matenda awiri osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana. Mu lock_stat yang'anani acquisitions ndi holdtime-avg, nthawi zake zili mu ma microsecond. Ngati holdtime ndi yaying'ono koma acquisitions ndi zochuluka zedi, pitani ku gawo 4. Ngati holdtime-max ndi yaikulu, wina akugwira ntchito yolemera ali mkati, pitani ku gawo 5. Ngati contentions ndi zochepa koma acq-bounces ndi zambiri, ndiye kuti cache line (kachidutswa ka memory komwe CPU imasunga pafupi) ya lokoyo ikungodumphadumpha pakati pa ma CPU, ndipo gawo 6 ndi lanu.

## 4. Chepetsani maulendo opita ku loko

Apa ndi pomwe pali nyama, ndipo ine ndimakhalitsapo ndisanaganize za china chilichonse.

Runtime PM. Tsegulani `drivers/base/power/runtime.c` muwerenge nokha. Mukaitana pm_runtime_get_sync, kernel imawonjezera usage_count, nambala ya omwe akugwiritsa ntchito chipangizocho, kenako imagwira `dev->power.lock`, ngakhale chipangizo chili maso kale. Koma pm_runtime_put imatsitsa usage_count, ndipo ikaona kuti sinafike pa 0 imabwerera osakhudza loko. Ndiye mbali yolemera ndi get. Driver yoitana get pa paketi iliyonse, kuchokera ku ma CPU anayi, yadzipangira yokha mzere wa pamjigo.

Mankhwala ake ndi kutenga reference imodzi ya mulu wonse wa ntchito. Driver yambiri ili kale ndi mzere wa ntchito zodikira ndi loko yake. Itanani get pamene mzerewo ukuchoka pa 0 kufika pa 1, ndipo put pamene wabwerera pa 0. Ngati mukudziwa motsimikiza kuti reference ina ilipo kale m'manja mwanu, pm_runtime_get_noresume imangowonjezera nambala popanda loko.

Chenjezo lalikulu: ntchito yachiwiri ikafika pomwe yoyamba ikadali kudzutsa chipangizo, iona nambala ili pa 1 n'kuganiza kuti zonse zili bwino, n'kukalemba mu register ya chipangizo chogona. Pa ma bodi ena a ARM zimenezi zimaumitsa makina onse. Ntchito yachiwiri idikire mpaka kudzuka kuthe. Komanso get_sync imatha kugona, ndiye musaiitane mutagwira spinlock ya mzere uja.

Chachiwiri, yatsani autosuspend. Mu probe itanani pm_runtime_set_autosuspend_delay ndi pm_runtime_use_autosuspend, ndipo pomaliza ntchito itanani pm_runtime_mark_last_busy kenako pm_runtime_put_autosuspend. Izi sizichepetsa ma get, koma zimachepetsa kugona ndi kudzuka, komwe ndi kokwera mtengo: kudzuka kulikonse kumakhudza loko ya kholo la chipangizocho (chipangizo chomwe chanucho chalumikizidwako), ya genpd, ndi za clock. Nthawi yodikira mungaisinthe makina akuyenda mu `power/autosuspend_delay_ms`. Yambani ndi nthawi yoposa pang'ono mpata womwe umakhala pakati pa ntchito ziwiri zotsatizana, kenako muzitsitsa uku mukuyang'ana mita.

PM QoS, njira yomwe driver imapemphera kuti CPU isachedwe kudzuka. `pm_qos_lock` ndi imodzi ya makina onse. Choipa kwambiri n'chakuti cpu_latency_qos_update_request ikasintha malire enieni, kernel imadzutsa ma CPU onse ogona kuti asankhenso magonedwe. Driver yokweza ndi kutsitsa pempholi pa transfer iliyonse ili ngati mlenje wodzutsa mudzi wonse chifukwa cha mbewa imodzi. Ikani pempho poyamba mulu wa ntchito, lichotseni ntchito ikatha ndipo papita kanthawi. Malo abwino olichotsera ndi mu runtime_suspend, chifukwa autosuspend yakudikirirani kale.

Ma clock. clk_enable ndi clk_disable zimagwira `enable_lock`, spinlock imodzi ya ma clock onse. clk_prepare imagwira `prepare_lock`, mutex imodzi ya onsenso. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti clk_get_rate nayonso imagwira `prepare_lock`. Ngati liwiro la clock yanu silisintha, liwerengeni kamodzi mu probe mulisunge. Ngati limasintha, lembetsani notifier ikuuzeni.

schedutil. Onani `related_cpus` mu policy. Pa Raspberry Pi 4, mwachitsanzo, ma Cortex-A72 onse anayi ali pa clock imodzi, ndiye ali mu policy imodzi. Pa makina otere scheduler ikaitana sugov_update_shared, CPU iliyonse imagwira `update_lock` yomweyo. Anthu amakweza `rate_limit_us` poganiza kuti maulendo achepa, koma malirewo amayang'anidwa loko itagwidwa kale. Chomwe chimachepa ndi ntchito yogwiridwa mkati, zomwe zimathandizabe, koma maulendo amachepa pokhapokha mukachepetsa ma thread odzukadzuka.

Pano ndinenepo za ife eni. Ka script koyang'anira makina komwe kamawerenga mafayilo a cpufreq mu sysfs kangapo pa sekondi kamagwira `policy->rwsem` ulendo uliwonse. Ndinakhalapo tsiku lathunthu ndikusaka wolimbirana loko, osadziwa kuti ndi terminal yanga yomwe ndinaisiya yotsegula.

## 5. Tulutsani katundu wolemera mu loko

Werengani mzere uliwonse pakati pa lock ndi unlock, mudzifunse ngati ukufunikadi chitetezo. Zoyenera kutuluka ndi printk ndi dev_info, kupempha memory, kuwerengera kwautali, udelay, ndi kudikira register isinthe. Pa serial console ya 115200, mzere umodzi wa uthenga umatenga ma millisecond angapo, nthawi yomwe kwa CPU ndi chaka.

Njira yake ndi iyi: konzani zonse kunja, gwirani loko, sinthani zofunikazo, tengani kope la zomwe mukufuna, siyani loko, malizani zotsala kunja. Runtime PM imachita chimodzimodzi. Imalemba kuti chipangizo chili pa RPM_RESUMING, imasiya loko, ndiye n'kuitana callback ya driver yanu.

Chenjezo: mukasiya loko n'kudzaigwiranso, musakhulupirire zomwe munaona poyamba. Werenganinso state. Runtime PM ija ili ndi ma state apakatikati, RPM_RESUMING ndi RPM_SUSPENDING, pa chifukwa chomwechi, ndipo inunso mungafunike anu. Dziwaninso kuti odikira kudzukako amagona pa wait queue, ndiye sadzaoneka mu perf lock ngakhale akudikira ndithu.

## 6. Gawani loko, gawaninso deta

Ngati loko imodzi ikuteteza zinthu zosagwirizana, igaweni: ya chipangizo chilichonse, ya channel iliyonse, kapena ya CPU iliyonse. Zowerengera za statistics sizifuna loko n'komwe. Zisandutseni per-CPU, muziwonjezera ndi this_cpu_inc, ndipo muziziphatikiza pokhapokha wina akafunsa.

Pa vuto la cache line yodumphadumpha, yendetsani `perf c2c record` ndi `perf c2c report` ngati purosesa yanu ikutha kutero, ndipo onani kaikidwe ka struct ndi pahole. Cache line pa x86 ndi pa Cortex-A72 ndi ma byte 64. Loko ikakhala mu line imodzi ndi nambala yomwe CPU ina imalemba pafupipafupi, zimavutitsana ngakhale sizidziwana. Zisiyanitseni ndi `____cacheline_aligned_in_smp`.

Chenjezo: maloko akakhala awiri, pabadwa funso la yoyamba kugwidwa ndi iti. Sankhani dongosolo limodzi, lilembeni mu comment pamwamba pa struct, ndipo ikani lockdep_assert_held mu ma function omwe amayembekezera kuti loko yagwidwa kale.

## 7. Owerenga asamagwire loko

Ngati ambiri amangowerenga ndipo olemba ndi ochepa, pali makwerero atatu. Nambala imodzi yokwana mu word: WRITE_ONCE kwa wolemba, READ_ONCE kwa wowerenga. PM QoS imatero, ndiye chifukwa chake governor ya cpuidle imawerenga malire popanda kugwira `pm_qos_lock`. Manambala angapo oyenera kuwerengedwa pamodzi: seqcount, pomwe wowerenga amabwereza akapeza kuti wolemba anadutsapo. Mndandanda kapena struct yofikiridwa ndi pointer: RCU, pomwe wolemba amakonza kope latsopano ndipo lakale limachotsedwa owerenga akamaliza nalo.

Musaganize kuti rwlock ndi njira yachidule. Wowerenga aliyense amalembabe mu loko kuti adziwike, ndiye cache line imadumphabe.

Chenjezo la code ya idle: CPU ikalowa mkati mwenimweni mwa idle, RCU imasiya kuiyang'ana. rcu_read_lock yoitanidwa pamenepo siteteza kanthu, ndipo kernel yofufuzira idzakalipa za "suspicious RCU usage". Mu njira imeneyi simungagwirenso mutex. Ndipo pa kernel ya PREEMPT_RT, yomwe inalowa mu Linux 6.12 mu 2024, spinlock_t wamba imatha kugona, ndiye pamalo otere pamafunika raw_spinlock_t.

## 8. Ngati wotsogola ndi tick_broadcast_lock

Pa mapurosesa ena, CPU ikagona tulo tofa nato, timer yake imaima. Kernel imapereka ntchito yodzutsa kwa timer ina yapakati, ndipo CPU iliyonse polowa ndi potuluka m'tulo timeneti imagwira `tick_broadcast_lock`, imodzi ya makina onse. Ma CPU akachuluka, pakhomopo pamadzaza.

Pa x86 lembani `grep arat /proc/cpuinfo`. Ngati arat ilipo, timer siima ndipo vutoli si lanu. Pa ARM yang'anani `local-timer-stop` mu device tree, pa ma idle state. Kuti mutsimikize, tsekani state yakuyayo kwa kanthawi polemba 1 mu `/sys/devices/system/cpu/cpuN/cpuidle/stateM/disable` pa CPU iliyonse, muyezenso. Kulimbirana kukatha, mwampeza.

Koma musaisiye yotseka n'kumati mwakonza, chifukwa tulo takuya ndi tomwe timasunga batire usiku. Onani `usage`, `time` ndi `residency` za state imeneyo. Ngati `time` mutaigawa ndi `usage` ikuchepera `residency`, ma CPU akulowa m'tulo tomwe sakhalitsamo. Yesani governor ya teo m'malo mwa menu kudzera mu `/sys/devices/system/cpu/cpuidle/current_governor`, ndipo sakani ndi powertop amene akudzutsa ma CPU pafupipafupi. Ma timer osafunika kulondola kwambiri asandutseni deferrable, kapena apatseni mpata ndi usleep_range kuti adzukire pamodzi.

Kusintha code ya tick broadcast yeniyeniyo ndi ntchito ya anthu omwe akhala nayo zaka. Ine sindiikhudza.

## 9. Yesani ngati mukufuna kuithyola

Lowani mu kernel yofufuzira, yendetsani ntchito yoyesera, ndipo pa nthawi yomweyo vutitsani makina:

1. Agonetseni ndi kuwadzutsa mobwereza ndi `rtcwake -m mem -s 20`, maulendo mazana, osati asanu. Asiyeni usiku wonse.
2. Zimitsani ndi kuyatsa ma CPU polemba 0 ndi 1 mu `/sys/devices/system/cpu/cpu1/online`.
3. Sinthasinthani `power/control` pakati pa on ndi auto, ndipo ikani autosuspend_delay_ms pa 0 kuti mipata yobisika ionekere.
4. Tulutsani ndi kulowetsanso module.

Werengani dmesg mukatha chilichonse. lockdep, chofufuzira maloko chomwe CONFIG_PROVE_LOCKING imayatsa, imalankhula kamodzi kokha n'kudzizimitsa, ndiye mukaona uthenga woyamba konzani, yambitsaninso makina, muyesenso. Kukhala chete kwake pambuyo pa uthenga woyamba si umboni wa kanthu.

Zonse zikadutsa, bwererani ku kernel wamba, mubwereze gawo 1 ndendende, ndipo muyerekeze manambala onse awiri ndi a m'kope aja. Yezaninso makina atangokhala osagwira ntchito, poti pa sola nthawi yambiri ya usiku amakhala choncho.

## Zolakwa zomwe zimabwerezedwa

Kusintha zinthu zitatu pa patch imodzi. Liwiro likakwera simudziwa chathandiza, makina akauma simudziwa chapha. Chimodzi, yezani, commit, kenako china.

Kuiwala put pamene get_sync yalephera. pm_runtime_get_sync imasiya usage_count yokwera ngakhale yabweza error. Mukangobwerera, chipangizo sichidzagonanso mpaka makina atazimitsidwa. Gwiritsani pm_runtime_resume_and_get, yomwe imatsitsa yokha ikalephera.

Kuthawira ku pm_runtime_irq_safe. Imakulolani kuitana get muli mu interrupt, inde, koma imasiya kholo la chipangizocho lili maso mpaka kalekale, ndipo odikira kudzuka amazungulira m'malo mogona. Mwagula kufewa kwa code ndi batire.

Kukweza liwiro poletsa tulo. Kulemba on mu `power/control`, kuika governor ya performance, kapena kusiya `/dev/cpu_dma_latency` yotsegula ndi 0 kumachotsadi kulimbirana, chifukwa palibenso amene akugona kapena kusintha liwiro. perf idzaoneka yoyera, mita ya USB idzakuuzani zina.

Kusandutsa spinlock kukhala mutex popanda kuona oitana onse. Mmodzi yekha woitana kuchokera mu interrupt, mu timer kapena mu njira ya idle akwana kugwetsa makina. CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP imamugwira pokhapokha njirayo itadutsidwa poyesa.

Kuika atomic paliponse. atomic_t imodzi yolembedwa ndi ma CPU onse imadumphitsa cache line ngati loko yomwe, kungoti perf lock siionanso. Komanso ma atomic awiri otsatizana si chinthu chimodzi: pakati pawo CPU ina imatha kulowerera.

Kuyesera pa laputopu ya x86 code yopita pa ARM. x86 imasunga dongosolo la kulemba ndi kuwerenga memory mokhwima kuposa ARM. Code yopanda loko yomwe yaiwala smp_store_release ndi smp_load_acquire imatha kuyenda miyezi pa laputopu yanu n'kukagwa sabata yoyamba pa bodi. Yeserani pa bodi yeniyeniyo, ma CPU onse ali oyaka, chingwe cha serial chili cholumikiza, ndipo kernel yakale yodalirika ikhalepo pa khadi lina lomwe munthu wa pafupi ndi bokosilo angathe kulowetsa inu mutamuimbira foni.